Masiku anayi opanda mwini: lipoti la bambo wa zaka 71 amene anabwerera m'chipatala atangotuluka

Ndine namwino mu wodi ya odwala akuluakulu, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuimbira foni anthu odwala mtima akatuluka m'chipatala. Nkhani ili m'munsiyi ndi ya bambo wina wa zaka 71 amene tinawatulutsa Lachisanu akuyenda okha, n'kubweranso Lachiwiri atagwiriziridwa, potaziyamu, mchere wina wa m'thupi, atakwera m'magazi mwawo mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima. Banja lawo linavomera kuti ndilembe, ndipo dzina ndi zina zonse zowazindikiritsa ndazisiya. Pa zolakwika zimene zinachitika, china ndi changa, ndipo ndichitchula pamalo pake.

Kugonekedwa koyamba

Bambowa akhala ndi BP kwa zaka zambiri. Zaka ziwiri zapitazo anawapeza ndi mtima wofooka, wosapopa magazi mokwanira. Sikani ya mtima inaonetsa kuti ukagunda umatulutsa pafupifupi 30 peresenti ya magazi a m'chipinda chake chachikulu, pomwe mtima wabwino umatulutsa oposa theka. Anafika atatupa miyendo mpaka m'mawondo, ali ndi befu, ndipo sabata yonse ankagona chokhala chifukwa akagona chagada ankabanika. Sikelo inawerenga makilogalamu 78. Creatinine, amene timaonera mmene impso zikugwirira ntchito, anali 104 µmol/L, ndipo potaziyamu anali 4.2 mmol/L. Zonsezi zinali m'malo mwake.

Atafunsidwa mankhwala amene amamwa kunyumba, anatchula awiri: Lasix, piritsi limodzi m'mawa, ndi enalapril. Zinalembedwa momwemo, funso n'kuthera pomwepo.

Anakhala nafe masiku 6. Furosemide wa mumtsempha, mankhwala okodzetsa, anakoka madzi, makilogalamu 5 anachoka, befu linatha. Tsiku lachinayi dokotala anawonjezera spironolactone 25 mg, anayambitsanso carvedilol wochepa, onsewa mankhwala a mtima. Palibe amene angatsutse chisankho chimenechi. Kafukufuku wa RALES wa mu 1999 anaonetsa kuti spironolactone amachepetsa imfa ndi pafupifupi 30 peresenti mwa anthu a mtima wofooka kwambiri. Vuto lake n'lakuti amasunga potaziyamu m'thupi, ndipo enalapril amachitanso chimodzimodzi, choncho munthu akawayamba amafunika kuyezedwa magazi pakatha sabata imodzi, kenako pakatha milungu inayi. Ku Ontario, m'dziko la Canada, David Juurlink ndi anzake anatsata zimene zinachitika madokotala atayamba kulemba spironolactone mochuluka. Mwa okalamba odwala mtima amene ankamwa kale mankhwala a gulu la enalapril, ogonekedwa chifukwa cha potaziyamu wochuluka anakwera kuchoka pa 2.4 mwa anthu 1000 alionse mu 1994 kufika pa 11 mu 2001. Piritsi lake ndi lomwelo limene linapulumutsa anthu m'kafukufuku. Kungoti m'kafukufuku mumakhala munthu amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti magazi ayezedwa pa tsiku lake.

Lachisanu

Magazi omaliza anatengedwa m'mawa. Pofika masana zotsatira zinali zisanatuluke, bedi linkafunika, bambowa nawonso anali atavala kale nsapato. Masiku onse 6 amene ankawadikirira anali mwana wawo wamkazi, munthu wochangamuka, wolemba chilichonse mu foni yake. Mayi a kunyumba anangobwera kawiri kudzazonda, poti nawonso mchiuno mumawavuta ndipo kuyenda kumawatopetsa.

Ndinakhala pansi ndi mwanayo kwa mphindi pafupifupi 20. Ndinamufotokozera mankhwala onse anayi: furosemide 40 mg m'mawa ndi masana, enalapril 10 mg kawiri pa tsiku, carvedilol 3.125 mg kawiri pa tsiku, spironolactone 25 mg kamodzi. Kenako ndinamupempha kuti andibwerezere m'mawu ake, monga timaphunzitsidwira, ndipo sanaphonye ngakhale chimodzi. Anatchulanso zizindikiro zoopsa: kulemera kukakwera ndi makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu, befu likabwerera, miyendo ikayambanso kutupa. Ndinachoka pamenepo mtima uli m'malo. Bambowa ankangogwedeza mutu, maso ali kukhomo.

Sindinafunse kuti kunyumba amapereka mankhwala ndani. Sindinafunsenso kuti m'nyumbamo mwatsala mankhwala anji akale. Safunsa anadya phula, ndipo apa wodya phula ndinali ine, koma amene anamva kuwawa kwake anali wina.

Kalata yotulutsira inalembedwa bwino, ndaiwerenga kangapo chichitikireni izi. Mankhwala onse analimo, milingo yake yolondola. Pansi pake panali mzere wakuti potaziyamu ndi creatinine ziyezedwenso pasanathe sabata. Mzerewo sunanene woyeza, sunanene tsiku, sunanene malo. Tsiku lobwera ku kiliniki ya mtima linali patatha milungu inayi.

Zotsatira zinatuluka madzulo, bambowa ali kale kwawo: potaziyamu 5.3, creatinine 128. Manambala amenewa si oimitsa nawo ntchito, koma kwa munthu amene wangoyamba spironolactone masiku awiri apitawo ndi chenjezo lomveka. Dokotala amene anaitanitsa magaziwo anali ataweruka, ndipo sankabweranso mpaka Lolemba. Amene anatsala pa ntchito sankadziwa kuti pali zotsatira zodikirira, komanso dzina la bambowa linali litachoka kale pa mndandanda wa odwala a mu wodi. Zotsatirazo zinangokhala mu kompyuta. Zoterezi si zachilendo. Christopher Roy ndi anzake, polemba mu 2005 za zipatala za ku Boston, anapeza kuti odwala 41 mwa 100 alionse amatuluka zotsatira zina za kuyezedwa kwawo zisanabwere.

Mafoni awiri

Lolemba m'mawa ndinaimba nambala imene inali mu failo. Anayankha mwana uja.

"Bambo ali bwanji?"

"Ali bwino ndithu, a nesi. Akudya, akumwa mankhwala. Zikomo kwambiri."

Ndinachonga m'kaundula kuti foni yaimbidwa ndipo wodwala ali bwino. Madzulo ake, ndikutseka kaundulayo, ndinakumbukira phokoso la magalimoto limene ndinkamva kumbuyo kwa mawu ake, ndipo china chake sichinandikhale bwino. Ndinamutumizira uthenga kufunsa ngati ali limodzi ndi bambo. Anayankha usiku kuti anabwerera kuntchito Loweruka, amakhala kutali, koma amalankhula ndi makolo ake tsiku lililonse. Anatumiza nambala ya mayi ake.

Lachiwiri ndinaimbira mayiwo.

"Mwachita bwino kuimba, mwanangu. Abambowa sakundisangalatsa. Akangodzuka akuti dziko likuzungulira. Dzulo anagwa kubafa, mwamwayi anatsamira khoma."

"Akukodza bwanji, mayi?"

"Loweruka ndi Lamlungu kunali kupita kosalekeza, usiku wonse. Koma chiyambire dzulo ndi tochepa, tofiirira."

Ndinawapempha kuti asonkhanitse mankhwala onse amene bambo akumwa, awaike pamalo amodzi, andiwerengere mayina. Anaseka pang'ono, nati zilembo za pa mabokosi amenewa ndi za anthu a maso, iwo amangodziwa maonekedwe a piritsi. Anaitana mdzukulu wa zaka 12 amene anali pafupi. Mwanayo ankawerenga chilembo chimodzichimodzi, ine ndikulemba. Furosemide. Enalapril. Carvedilol. Spironolactone. Kenako anati, "Palinso ina. L, A, S, I, X." Ndisanayankhe anawonjezera, "Ndi ina ya agogo ya bondo. I, B, U..."

Lasix ndi dzina la malonda la furosemide yemweyo. Mayiwo anali atawapatsa bambo piritsi limenelo m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri, palibe anawauza kuti alisiye, ndiye analipitiriza pamodzi ndi atsopano aja. M'malo mwa 80 mg pa tsiku, bambowa ankamwa 120 mg. Ibuprofen ankamwa 400 mg katatu pa tsiku kuyambira Loweruka, bondo litayambanso kuwawa chifukwa choyendayenda pakhomo. Apa ndi pamene ndinatsegula zotsatira za Lachisanu zija, kwa nthawi yoyamba. Ndinauza mayiwo kuti asawapatsenso piritsi lililonse, apeze galimoto abwere nawo tsiku lomwelo, ndipo ndinadziwitsa dokotala wa ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi kuti awayembekezere.

Zimene tinapeza

Anafika masana, milomo youma, khungu lofota. BP atakhala pansi inali 92/58, ataimirira 78/50. Sikelo inawerenga makilogalamu 70.1, kutanthauza kuti anataya pafupifupi makilogalamu atatu m'masiku anayi, munthu amene tinamutulutsa madzi atatha kale. Potaziyamu anali 6.2, creatinine 231. ECG, chojambula cha kagundidwe ka mtima, inaonetsa mafunde otchedwa T ali aatali ndi osongoka, chizindikiro chakuti potaziyamu wayamba kukhudza mtima.

Mmene zinachitikira m'thupi n'zosavuta kuzitsata. Furosemide wochuluka anaumitsa thupi, magazi opita ku impso anachepa. Zikatero impso imadziteteza m'njira ziwiri: imatsegula mtsempha wolowetsa magazi m'sefa yake, n'kufinya wotulutsa, kuti mphamvu yosefera isagwe. Ibuprofen amatseka njira yoyamba, enalapril amatseka yachiwiri. Impso zitalephera kusefa, potaziyamu analibe potulukira, spironolactone nayenso akumusunga.

Anapatsidwa calcium gluconate mumtsempha kuti ateteze mtima, kenako insulin mayunitsi 10 pamodzi ndi shuga wa mu dripi, ndi salbutamol wopumira, kuti potaziyamu alowe m'maselo. Spironolactone, enalapril, furosemide ndi ibuprofen zonse zinaimitsidwa. Madzi a dripi tinkawapatsa pang'onopang'ono, tikumvetsera m'mapapo pafupipafupi, poti mtima wofooka suchedwa kusefukira. Pofika m'mawa potaziyamu anali 5.1. Tsiku lachinayi anali 4.6, creatinine atatsika kufika 121.

Tsiku lina ndikuwayeza BP ndinawafunsa chifukwa chake sanatchule ibuprofen pamene anagonekedwa koyamba. Anandiyang'ana modabwa.

"Anandifunsa mankhwala a matenda anga. Amene aja si a matenda, ndi a bondo basi. Ndimagula ndekha."

Anali asananame. Anayankha funso limene anafunsidwa. Zinapezeka kuti akhala akumwa ibuprofen mwa apo ndi apo kwa miyezi ingapo, ndipo popeza mankhwala a mtundu umenewu amasunga mchere ndi madzi m'thupi, n'kutheka kuti ndi amene anathandizira kutupa kumene kunawabweretsa poyamba paja.

Kutuluka kwachiwiri

Ulendo uno sitinawatulutse mpaka zotsatira za magazi a tsikulo zitabwera. Tinapempha mayi kuti abwere ndi thumba la mankhwala onse a m'nyumba, ngakhale amene akuona ngati ndi opanda ntchito. Anakhuthula pa tebulo la pambali pa bedi: mabokosi 9, ena otha tsiku, kabotolo kopanda chilembo, ndi mapiritsi ena omasula m'kapepala. Katswiri wathu wa mankhwala anawasankha limodzi ndi mayiwo. Atafika pa Lasix anatulutsa piritsi limodzi, natulutsanso la furosemide, n'kuwaika onse awiri m'dzanja la mayiwo.

"Awa ndi munthu mmodzi, mayi. Angosiyana malaya."

Mayiwo anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anati chamumtima, "Ndiye ndimawapha ndekha." Zinatitengera nthawi kuwatsimikizira kuti iwo anachita zimene anauzidwa zaka ziwiri zapitazo, ndipo amene sanawauze zatsopano ndi ife. Sindikudziwa ngati anakhulupirira tsiku lomwelo.

Anatuluka ndi furosemide 40 mg kamodzi m'mawa, enalapril 5 mg kawiri, carvedilol monga kale, ndi paracetamol wa bondo. Spironolactone anaimitsidwa kaye. Pa bokosi lililonse tinajambula ndi cholembera chachikulu dzuwa kapena mwezi, ndipo amene anabwereza malangizo anali mayiwo, akuloza bokosi lililonse ndi chala, bambo akumvetsera, mwana wawo ali pa foni. Pa kalata tinalemba tsiku loyezetsa magazi, malo ake, ndi dzina langa ngati woona zotsatira. Dokotala anaimbiranso mnzake wa ku kiliniki, osangodalira kuti kalata ikafika. Sunil Kripalani ndi anzake, ataunika kafukufuku wambiri mu 2007, anapeza kuti pa ulendo woyamba wa wodwala akatuluka, kalata yotulutsira imakhala itafika kwa dokotala wotsatira pa maulendo 12 mpaka 34 okha mwa 100.

Zimene nkhaniyi ikutiuza poiyerekeza ndi kafukufuku

Kuti masiku oyamba munthu akatuluka ndi oopsa, zinadziwika kale. Alan Forster ndi anzake mu 2003 anatsata odwala 400 atatuluka, napeza kuti 19 mwa 100 alionse anakumana ndi vuto lobwera chifukwa cha chithandizo m'milungu itatu yoyamba, ndipo mavuto awiri mwa atatu alionse anali a mankhwala. Njira zothandizira nazonso zinayesedwa. Eric Coleman wa ku University of Colorado anapatsa okalamba mlangizi amene ankawayendera kunyumba kamodzi ndi kuwaimbira foni katatu m'mwezi woyamba, akuwathandiza kusamala mankhwala, kusunga kabuku ka mbiri ya matenda awo, kukaonana ndi dokotala pa nthawi yake, ndi kudziwa zizindikiro zoopsa. Mwa odwala 750, ogonekedwanso pasanathe masiku 30 anali 8.3 peresenti mwa olandira thandizolo, ndi 11.9 peresenti mwa enawo. Mary Naylor wa ku University of Pennsylvania anagwiritsa ntchito anamwino odziwa kwambiri amene ankatsata okalamba odwala mtima kwa miyezi itatu, kuyambira mu wodi mpaka m'nyumba zawo. Ku Boston Medical Center, mu ntchito yotchedwa Project RED ya Brian Jack, katswiri wa mankhwala ankaimba foni patatha masiku awiri mpaka anayi, ndipo kubwerera kuchipatala m'mwezi woyamba kunatsika ndi pafupifupi 30 peresenti.

Tikayang'ana pa pepala, ife tinachita zambiri mwa zimenezi. Tinaphunzitsa, tinabwerezetsa, tinalemba kalata, tinaimba foni tsiku lachitatu. Kaundula wanga wa Lolemba ndi woyera, wochongedwa paliponse. Munthu wowerenga kaundulayo akhoza kunena kuti njirayi inatsatidwa koma sinagwire ntchito, pamene zoona n'zakuti chilichonse chinafika kwa munthu wolakwika. Ndikaona chimene ntchito za Coleman ndi Naylor zinali nacho chimene ife tinalibe, ndi ulendo wa kunyumba. Munthu akalowa m'nyumba amaona yekha amene akutsegula mabokosi, amaonanso Lasix ali pawindo. Foni imangokupatsa zimene woyankhayo akudziwa. Kumene ulendo wa kunyumba sungatheke, thumba la mankhwala pa tebulo ndi mdzukulu wowerenga zilembo ndi zimene zimayandikirako. Luke Hansen ndi anzake, ataunika kafukufuku 43 mu 2011, sanapeze chinthu chimodzi chimene pachokha chimachepetsa kugonekedwanso mosalephera. Ine zimenezi sizindidabwitsa. Pa nkhani ino mipata inali inayi, funso la mankhwala, wophunzitsidwa, zotsatira ndi foni, ndipo kutseka umodzi wokha kukanangochepetsa ngozi, osati kuichotsa.

Pali chinanso chimene chimandivuta. Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi amayeza kupambana powerenga anthu ogonekedwanso pasanathe masiku 30. Pa muyezo umenewo bambowa ndi chitsanzo cha kulephera, ndipo amene anawabweretsa ndi foni yanga ya Lachiwiri. Ndikanapanda kuimba, mwina nambala ya wodi yathu ikanaoneka bwino mwezi umenewo, iwo atafera kunyumba. Kugonekedwanso kwina n'kopeweka, kwina n'kopulumutsa, ndipo uku kunali zonse ziwiri: kukanapeweka Lachisanu, koma pofika Lachiwiri kunali kofunika. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kwambiri kafukufuku amene amawerenga imfa pamodzi ndi kugonekedwanso. Wa STRONG-HF, wofalitsidwa mu 2022, anachita zimenezo mwa odwala mtima 1078 a m'mayiko 14. Ena ankaonedwa sabata yoyamba, yachiwiri, yachitatu ndi yachisanu ndi chimodzi atatuluka, akuyezedwa magazi ndi kukwezeredwa mankhwala mwachangu. Pakutha kwa masiku 180, omwalira kapena ogonekedwanso chifukwa cha mtima anali 15.2 peresenti, poyerekeza ndi 23.3 peresenti mwa olandira chisamaliro cha nthawi zonse. Anthu ambiri akamakamba za kafukufukuyu amatchula kukweza mankhwala msanga. Ine ndimaona maulendo anayi aja. Bambo athu tinawayambitsa mankhwala amphamvu omwewo, n'kuwauza kuti tionana pakatha mwezi.

Ena anafunsa ngati spironolactone anayenera kuyambitsidwa n'komwe kwa munthu wa zaka 71. Ndikuganiza kuti anayenera, ndipo dokotala wa ku kiliniki anaganizanso chomwecho. Kuopa mankhwala chifukwa chakuti sitinakonze njira yowayang'anirira ndi kumana wodwala chinthu chimene chingamuwonjezere zaka.

Mmene zinayendera pambuyo pake

Ndinaimba tsiku lachiwiri atatuluka, kwa mayi, ndipo ndinapempha kulankhulanso ndi bambo eni ake. Tsiku lachisanu potaziyamu anali 4.7, creatinine 112. Sabata yachitatu dokotala anabwezeretsa spironolactone pa 12.5 mg, ndipo patatha sabata potaziyamu anali 4.9. Mwana wawo anawagulira sikelo ya manambala akuluakulu. Bambo amadziyeza m'mawa uliwonse akangokodza, asanadye, ndipo mdzukulu amalemba m'kabuku. Sabata yachisanu ndi chiwiri mayi anaimba okha: kulemera kunali kutakwera ndi makilogalamu awiri ndi theka m'masiku atatu, nsapato zayamba kuthina. Dokotala anawonjezera furosemide kwa masiku atatu, magazi anayezedwa, kulemera kunabwerera, ndipo sanagonekedwe. Pofika tsiku la 90 anali asanabwererenso mu wodi.

Mu wodi mwathu tinasintha zinthu ziwiri. Pa fomu yolandirira odwala funso la mankhwala tsopano lili ndi mzere wachiwiri, wofunsa za ogula okha, a ululu, a chimfine ndi azitsamba. Ndipo wodwala akamatuluka zotsatira zisanabwere, dzina lake limalembedwa pa bolodi pamodzi ndi la munthu amene aziona, n'kufufutidwa zikaonedwa. Bolodiyo imagwira ntchito bwino mkati mwa sabata. Loweruka ndi Lamlungu imadalirabe kuti wina akumbukire kuiyang'ana, ndipo kawiri ndapezapo dzina Lolemba lisanafufutidwe.

Bondo likadali nkhani. Paracetamol akuti amangowanyengerera, ndipo pa ulendo wawo womaliza anandifunsa motsitsa mawu, mayi atatuluka panja, ngati piritsi limodzi lokha la kale lija lingavute pa tsiku limene ululu wakula. Ndinawauza kuti lingavute, ndinawakumbutsa za khoma la kubafa, ndipo tinawalembera kalata yopita kwa a fizio, amene amathandiza odwala ndi masewero olimbitsa ziwalo. Tsiku lawo loyamba kumeneko ndi mwezi wamawa, ndipo pa kalatayo nambala yoyamba ndi ya mayi.